Ningrum ndi Nsapato za Bambo

Ningrum ankakhala mumzinda wa Solo. Bambo ake ankapalasa njinga ya matayala atatu. Ankanyamula anthu. Ankanyamula katundu. Ningrum ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mapazi a bambo akhale bwino.

Bambo anali ndi matenda a shuga. Mapazi awo anachita dzanzi. Munga ukawabaya, sankamva.

Loweruka lililonse kuchipatala chaulere kunali phunziro. Bambo sankajomba. Ningrum nayenso sankajomba.

Loweruka lina anamwino, mayi Lastri, anakweza nsapato m'mwamba.

"Bala la munthu wa shuga limachedwa kupola," anatero. "Ndiye nsapato osangovala. Kutumulani, yang'anani, valani!"

Bambo anaseka. "Mayi, ine ndimathamangira makasitomala. Ndiiwala!"

"Ine sindiiwala," anatero Ningrum.

Tsiku lina masana, bambo anaima pamzikiti. Akalipentala anali atangotsika padenga. Bambo anavula nsapato pakhomo. Analowa kukapemphera. Ningrum anatsala akulonda njinga.

Bambo atatuluka, mayi wina anafika. Anali ndi madengu a tsabola.

"Anjinga, fulumirani! Tsabola wanga afota!"

Bambo anatukula phazi kuti avale nsapato.

"Imani, bambo!" Ningrum anafuula. Anatsomphola nsapato.

"Mwanawe, ndichedwatu!" anatero bambo.

"Iwe, unesi unayamba liti?" mayi a tsabola aja anafunsa.

Ningrum anakutumula nsapato yoyamba. Munalibe kanthu. Anakutumula yachiwiri. Ngwe! Kamsomali kanagwa pansi. Kanali kakuthwa. Kanali kadzimbiri.

Bambo anakatola. Anakayang'ana. Anayang'ana phazi lawo.

"Ndikanapalasa nako mpaka madzulo," anatero motsitsa mawu.

"Pepa, nesi," anatero mayi aja.

Loweruka bambo anaimirira kuchipatala. Anaonetsa kamsomali kaja.

"Uyu ndi mwana wanga!" anatero. "Wapulumutsa phazi langa!"

Mayi Lastri anaitana Ningrum kutsogolo. "Lero uphunzitse ndiwe."

"Kutumulani!" anatero Ningrum.

Onse anavula nsapato. Onse anakutumula. Mu nsapato ya abambo ena munagwa mtedza.

"Ndimaufuna chidzulo!" anatero abambowo. Anthu anaseka. Anaomba m'manja.

Pobwerera, Ningrum anakhala pampando wa makasitomala. Bambo anapalasa. Mapazi onse awiri anali bwino. Belu linalira, ngiri ngiri!

"Patukani!" bambo anafuula. "Ndanyamula aphunzitsi!"