Njati Yachitsulo ya Samli

Ulusi woyera uja Buaphan anauona Lachiwiri m'mawa, utamangidwa pa chogwirira cha thirakitala, mfundo ziwiri zolimba bwino. Ulusi wotere timamanga pamkono wa wodwala kapena wa munthu wochokera ulendo wautali, kuti mzimu wake usamuthawe. Kale ankaumanganso pa nyanga za njati yoweta ikatha ntchito yolima. Nanga pa chitsulo? Buaphan anayang'ana ulusiwo, n'kuyang'ana nyumba ya mchimwene wake Prayun kuseri kwa mpanda, mumtima n'kuti: ayambapo.

Thirakitalayo inali yakalekale, ya mateyala awiri, yoti munthu amaitsata pambuyo, imene kuno timangoti njati yachitsulo. Inali ya mwamuna wake Samli, amene mphenzi inamumenya chaka chatha ali m'munda wa mpunga, atalima theka lokha. Poti imfayo inali yoipa, sanamutenthe kukachisi monga timachitira ndi omwalira bwino. Anamukwirira msangamsanga kuseri kwa nsungwi kuti adikire zaka zitatu asanatenthedwe. Kuyambira tsikulo thirakitala inangokhala pansi pa nyumba, pakati pa mizati imene nyumbayo inaimapo, nkhuku zikugona pa injini.

Tsopano mvula inali itagwa, munda utadzaza madzi, mbande zitakwana mwezi ku nazale. Mundawo unali wa Buaphan poti ndiye anali chitsirizira, wosunga bambo awo okalamba, a Kaen, ndipo Prayun nkhani imeneyi sinamutsike kukhosi. Pamaso pa abale anagwirizana kuti mundawo ukagoneranso chaka chino, Prayun autenga adzalemo nzimbe. Eni mathirakitala ena m'mudzimo ankangoti atanganidwa, koma aliyense ankadziwa kuti akuopa kuponda pamene panagwa munthu.

Samli ankakonda kunena kuti injini ya dizilo si mfiti, imangofuna mafuta, mpweya ndi mkono. Buaphan anakhuthula dizilo wakale, natsuka thanki. M'kapu ya sefa ya mafuta anapeza madzi atadikha pansi, nawataya. Anamasula kabawuti ka pa paipi mpaka thovu lonse litatuluka. Kenaka anakoleka chitsulo chopukusira, napukusa mpaka phewa kuwawa. Injini inatsokomola kawiri, kutulutsa utsi wakuda bii, n'kuzima. Chibekete chosefera mpweya chokha ndicho sanachikhudze. Samli adachimanga ndi mphira wa chubu, mfundo yakeyake yopotoka, ndipo Buaphan analibe mtima womasula chinthu chomaliza chimene manja amenewo anamanga.

"Yadzuka njati ija, chemwali?" anafuula Prayun atatsamira mpanda, akutafuna mango osapsa.

"Idzuka, achimwene. Musavutike mtima."

"Ine ndivutikirenji? Ndimangomva chisoni ndi mbandezo. Zikakalamba ngati ine, sizibereka."

"Ulusiwu mwamanga ndinu?"

Prayun anasiya kutafuna. "Ulusi wanji?"

Kudabwa kwake kunaoneka kwenikweni, ndipo zimenezo ndizo zinamukwiyitsa kwambiri Buaphan. Munthu wodziwa kunama amayamba ndi nkhope.

Usiku umenewo achule ankalira m'minda monse ngati alipidwa. Buaphan anagona pa mkeka wake, pamwamba penipeni pa thirakitala, pakati pawo pali matabwa okha. Tulo titayamba kumuba, achule onse anangoti zii nthawi imodzi. Pansi panamveka chitsulo chikugunda chitsulo pang'onopang'ono, monga chopukusira chimachitira akamachilowetsa. Kenaka kupukusa. Gwede, gwede, gwede. Sikunali kupukusa kwa munthu wofuna kuwononga, kunali kwa munthu woidziwa injiniyo: katatu mofatsa, kachinayi mwamphamvu. Injini inapuma ngati ng'ombe yotsamwa, n'kukhala chete. Buaphan anafuna kusuzumira pa mpata wa matabwa, koma khosi linakana kutembenuka.

Kutacha anapeza chopukusira chili pa msomali wake.

Ku golosale, kumene anakagula sefa yatsopano, nkhani inali itafika kale. Ena ankati Prayun anaoneka akuchokera kwa sing'anga wa kutsidya kwa mlatho. Ena ankati ayi, amathira shuga m'thanki usiku. Mayi wogulitsa anatsitsa mawu n'kunena kuti agalu a kufupi ndi nsungwi zija sakugona masiku ano, koma Buaphan atamuyang'ana anayamba kulankhula za mtengo wa nsomba.

Sefa yatsopano sinasinthe kanthu. Utsi wakuda womwe uja, kutsokomola komwe kuja. Nsonga za mbande zinayamba kuchita chikasu. Madzulo Buaphan anasefa phulusa n'kuliwaza kuzungulira thirakitala yonse, osauza munthu, ngakhale bambo ake, amene anakhala pa makwerero akusuta fodya wawo wopichira, maso ali kwina.

Usiku achule anasiyanso kulira. Chitsulo chinagundanso. Katatu mofatsa, kachinayi mwamphamvu. Buaphan anadziluma chala kuti asakuwe, koma mumtima ankati: ponda phulusalo, Prayun, ponda.

M'mawa anatsika kukaona phulusa lija. Mapazi analipo, koma sanali a Prayun. Anali aang'ono, opanda nsapato, pambali pake timabowo ta ndodo. Anachokera pa makwerero n'kukaima mbali ya chibekete cha mpweya. Mbali inayo, kumene munthu amaima akamapukusa, phulusa linali losalala monga analiwazira. Ndipo kuchokera pa mzati, nyerere zinandandalika mzere, kukwera teyala, kulowa pansi pa chivundikiro cha chibekete chija.

Buaphan anadula mphira wa Samli ndi mpeni, misozi ili m'maso. M'katimo munali mpunga womata, timibulu tokanya ndi zala, tina tatsopano, tina touma, tina tochita nkhungu, todzaza mpaka kukhosi kwa injini.

"Ababa!"

A Kaen anatsika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Sanakane.

"Ndinu? Inu amene ndimakuphikirani? Mukufuna munda upite kwa Prayun?"

"Tsitsa mawu, iwe," ananong'ona nkhalambayo. "Prayun ndi nzimbe zake andipatsa chiyani ine? Sindikutsekereza iwe. Ndikutsekereza mkamwini."

Buaphan anaika mpeni pansi.

"Chiyambireni mvula amabwera. Iwe wayamba kumumva dzana, ine ndili ndi milungu itatu. Munthu amene sanatenthedwe sadziwa kuti anapita. Iye akuona ngati anangobisala mvula, munda ukumudikira. Ndiye ndimamuikira mpunga pamene amafikirapo, adye abwerere. Ndimalowetsa pa mpata wa chivundikiro, m'kamwa mwa njatiyo, monga tinkadyetsera zenizeni. Nditaona kuti ikadya siilira, ndinati zakhala bwino, asaitulutse."

"Ndiye amapukusa ndinu."

A Kaen anatambasula manja awo onjenjemera, owonda ngati timitengo. "Awa? Ndikulephera kutsegula botolo la mankhwala."

Zaka makumi awiri nkhalamba imeneyi inkanyoza Samli kuti ndi mkamwini waulesi, wolima mizere yokhota ngati njoka. Lero inali kugawana naye mpunga wake wa madzulo. Galu wamkota sakandira pachabe, komabe mbande sizidikira mizimu.

"Ababa, mawa ndikulima. Mpunga wanuwo muziika pa mzati."

"Ukaitsegula pakamwa, mwana wanga, usadzati sindinanene."

Anakokota mpunga wonse, natsuka chibekete ndi dizilo, nathira oyilo watsopano. Dzuwa likupendeka anapukusa. Njati inalira, thu, thu, thu, mpaka nkhuku kubalalika, utsi ukuyera. Prayun anatulukira pa mpanda, nayang'ana, nabwerera. Buaphan anaizimitsa, natenga chopukusira, nakwera nacho m'nyumba. Chopukusira chinalipo chimodzi chokha, ndipo popanda icho injini imeneyo ngakhale amuna anayi sangailize. Anagona atachikumbatira.

Achule atasiya kulira, iye anali maso. Chitsulo chinali chozizira pachifuwa pake, anachigwira ndi manja awiri. Pansi panamveka kupukusa. Katatu mofatsa. Kachinayi injini inalira, matabwa onse n'kunjenjemera pansi pa msana wake. Kuseri kwa nsalu yotchinga anamva bambo ake akunong'ona mapemphero. Phokoso linasuntha, kutuluka pakati pa mizati, kudutsa pa chipata, kutsika njira ya kumunda. Kutali linkamveka likupita, likutembenuka, likubwerera, likupitanso. Palibe nyumba imene inayatsa nyale.

Kunja kutayera, thirakitala inali pamalo pake, matope akudontha ku mateyala, injini ili yofunda.

Buaphan anathamangira kumunda chopukusira chili m'manja. Anapeza Prayun ataima kale pa mzere wa malire, nkhope itatuwa. Choyamba Buaphan anamuyang'ana kumapazi. Anali ouma, oyera, m'mapatapata.

"Walemba ndani ganyu usiku, chemwali?" anafunsa Prayun.

Buaphan anatembenukira kumunda. Theka la munda linali litalimidwa, kuyambira pa mtengo wa mgwalangwa pamene Samli anagwera mpaka kumapeto. Theka limene iye adalima chaka chatha silinakhudzidwe. Mizere yatsopanoyo inali yokhota ngati njoka.

A Kaen anafika pambuyo, akupuma movutikira. Anayang'ana mizereyo nthawi yaitali, napukusa mutu.

"Mpaka lero kulephera kuwongola," anatero. Anatulutsa kambulu ka mpunga m'thumba, nakaika pa mzere wa malire. "Wamaliza. Sabweranso."

Masiku onsewa Buaphan ankapemphera kuti chinthu chija chisiye kubwera. Atamva mawu amenewo, chisoni chinamugwira kuposa tsiku la maliro, nalira mokweza pamaso pa mchimwene wake.

Atatha kulira anabwerera kunyumba, naliza njati, naitsata mpaka kumunda kukalima theka lotsala. Prayun anamupatukira njira. Za nzimbe sanazitchulenso.