Kope la Efulemu Silinasambe

Ine sindinapondeko m'kalasi. Dzanja limene likulemba apali ndi la mayi Dorothy, namwino amene amachita lendi pafupi ndi ine kuno ku Mitundu, koma mawu ndi anga, ine Nambewe, ndipo ndawauza kuti asakometse kanthu. Ndawaumiriza kuti tilembe lero, osati mawa. Zimene ndinenezi sindinazimve kuchigayo ayi. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo a Zakeyu a pa Nathenje alipo, ali moyo, mukawafunse ngati angalole kutsegula pakamwa.

Efulemu ndi mdzukulu wanga. Mayi ake anamusiya ali wamng'ono, ndinamulera ndekha. Anali mwamuna wamkulu ndithu, woyenera kukhala ndi pakhomo pake, koma iye anakwatira zolembalemba. Fodya ankalima, inde, koma mtima wonse unali pa nkhani zake zopeka. Ankatumiza mapepala kwa osindikiza mabuku m'tauni, mapepalawo n'kubwerera monga anapitira. Ine ndinkamuchenjeza kuti mwanawe, ife tinaona nthawi ya chipani chimodzi, munthu ankasowa chifukwa cha kapepala. Iye amvekere, "Agogo, ano ndi matipate, munthu amalemba zimene akufuna." Ndinkangoti chabwino. Matipate anamasula pakamwa pa amoyo. Palibe anandiuza kuti anamasulanso pa ena.

Itangotha njala ija tinkadya zitsa za nthochi, a Zakeyu, amene anali ndi kanyumba koimbirako foni m'mbali mwa msewu wa tala pa Nathenje, anagula kompyuta yakale. Efulemu anabwera akuvina. Anati osindikiza mabuku akhale ndi mabuku awo, iye azitumiza yekha nkhani zake kwa anthu kudzera pa makalata a pa kompyuta, amene iwo amati imelo. Kalata imodzi, anthu ambirimbiri. Chofunika ndi mayina ndi makeyala awo basi. Anagula kope la chikuto chakuda lolembamo mndandanda wa owerenga ake, ndipo Lachisanu lililonse ankapalasa njinga kupita ku Nathenje kukatumiza nkhani yatsopano.

Dzina loyamba m'kopemo linali langa. Ine keyala ndinalibe, kuwerenga sindidziwa, koma Lachinayi lililonse masana tinkakhala m'chigafa pa timipando tiwiri, ine ndikusoka fodya, iye akundiwerengera. Ndikaseka, ankadziwa kuti nkhani yapsa. Ndikayasamula, ankakalembanso.

Mayina anakwera mpaka makumi anayi ndi limodzi. Aphunzitsi, anamwino a ku Nkhoma, makalaliki a m'tauni. Kenako anayamba kutsika. Wina analemba kuti nkhani zako n'zazitali, abwana andigwira ndikuwerenga pa ofesi. Wina anangoti ndichotseni. Ambiri sankayankha n'komwe. Dzina lililonse limene ankafufuta, mwanayo ankalilira ngati maliro, chakudya osadya.

"Agogo, atsala khumi ndi asanu ndi anayi. Ndikuyankhula ndi chulu."

"Ine sindine munthu kodi?"

"Inu ndinu woyamba. Koma inu mumandikonda, ndiye simuwerengedwa."

M'mwezi wa mvula yambiri tinataya a Wilson, mwana wa m'mudzi mwathu amene ankaphunzitsa m'tauni. Pamaliro panabwera mabasi awiri a anthu a matayi. Ndinaona maso a Efulemu akuwala, ndipo ndinadziwa. Anthu a matayi ndiwo ali ndi makeyala. Tikunyamuka kupita kumanda ndinamuona akulowetsa kope m'jekete.

"Lisiye ilo."

"Ndingopempha mayina, agogo. Anthu awa sindidzawapezanso pamodzi."

"Udikire tibwerere kunyumba."

"Akangochoka kumanda akwera mabasi."

"Kumanda sakatengako kanthu, Efulemu. Ngakhale dothi la kuphazi timalisiya."

Anaseka, nandigwira paphewa.

Ana inu, mverani. Kumanda musamapemphe munthu dzina lake. Simudziwa amene wamva.

Adzukulu akukwirira, kwaya ikuimba, ine ndinkaliona kopelo likuyenda m'manja mwa anthu. Linachoka kwa a matayi, linapita kumbuyo, kumbuyo, kulowera kumitengo ikuluikulu kumene kuli manda akale. Kumeneko sikunaime munthu. Anthu akubalalika, Efulemu analipeza lili pamtumbira wina wakale wotitimira, cholembera chili m'kati. Mvula inkawaza tsiku lonse. Kopelo linali louma.

Pobwera tonse tinasamba m'manja ndi kumapazi pa mabeseni amene anaika panjira. Adzukulu anatsuka makasu awo. Efulemu nayenso anasamba bwinobwino, ine ndikuona. Koma kope? Kope silisamba. Linalowa m'nyumba mwanga chomwecho.

Atalitsegula anafuula. Masamba anayi odzaza, mayina oposa makumi asanu ndi awiri. Ine kuwerenga zilembo sindidziwa, koma kuwerenga mitu ya anthu ndimadziwa. A matayi amene analigwira sanakwane makumi awiri.

Lachisanu lotsatira anabwera ndi mapepala amene a Zakeyu anamusindikizira. Mayankho! Kwa nthawi yoyamba anthu ankamuyankha. Poyamba anali mawu ochepa. Tawerenga, tumizaninso. Tikudikira Lachisanu. Kenako anayamba mafunso, ndipo Efulemu ankandiwerengera m'chigafa akumwetulira. Kodi mango a kuseri kwa khola langa akuberekabe? Kodi mkazi wanga anakwatiwanso? Mwana uja ndinamusiya akukwawa, akuyenda tsopano?

"Anthu amenewa ali kuti, Efulemu?"

"Ndi a ku Joni, agogo. Apukwa kwawo."

"A ku Joni analemba liti m'kope lako?"

Anapinda mapepalawo, n'kutuluka. Anasiya nkhani zopeka zija zinkandiseketsa. Anayamba kuyenda m'midzi, mpaka ku Malingunde, kufunsa za mango, za akazi amasiye, za ana, n'kumalemba zimenezo. Fodya anaolera m'chigafa. Mayina ankachuluka popanda womupatsa. Owerenga amoyo aja ankachoka mmodzimmodzi, koma tsopano sankawalira. Analibe nawo ntchito.

Mapepala aja ankanunkha. Mvula inatha, kunja kunauma, fumbi lili kobo, koma iwo ankanunkha dothi lonyowa, lofukula kumene. Dothi lofiira la pansi kwambiri. Nkhuku zinasiya kulowa m'chigafa. Tsiku lina m'mawa ndinapeza nanzikambe akukumba pansi pakhomo penipeni, ndipo ndinadziwa kuti ndi malodza.

Lachinayi lina la mwezi wotentha anati, "Agogo, pali uthenga wanu." Anawerenga pang'onopang'ono.

"Muwauze a Nambewe kuti mpango wobiriwira uja ndinaupeza. Ukundithandiza. Kuno kumazizira."

Amuna anga a Isake anamwalira Efulemu asanabadwe. Mpango wobiriwira anandigulira iwo pochokera kumigodi. Tsiku la maliro awo, anthu atatuluka kukakonza nyimbo, ndinauika pansi pa mutu wawo m'bokosi. Sindinauzepo munthu. Ngakhale mwana wanga.

M'mawa mwake ndinakwera matola kutsatira Efulemu ku Nathenje. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Panja maminibasi akuimba mahutala, anyamata akukuwa tauni, tauni, fungo la chipisi ndi utsi. Ndinalowa kwa a Zakeyu. M'katimo munali zii. Munkazizira ngati m'mtsuko. Ntchentche munalibe ngakhale imodzi.

Efulemu anali pa kompyuta, wandifulatira. Makinawo anayamba kulira. Poyamba ngati mwana wa mbuzi akumupotokola khosi. Kenako ngati mvula pamalata. Kenako ngati anthu ambiri akunong'ona kuseri kwa chitseko.

A Zakeyu anandikokera pakona. Anatsitsa mawu.

"Amayi, mwachita bwino kubwera. Mutengeni mwana wanu."

"Chavuta n'chiyani?"

Anandionetsa mafoni awo awiri atakutidwa ndi nsalu. Kenako anandilozera pawindo. Waya unkalendewera pamtengo, woduka.

"Akuba anadula mawaya m'mwezi wa chisanu. Foni kuno sizigwira. Kalata siyingatuluke, siyingalowe."

"Nanga awo akuyankhawo?"

"Lachisanu lililonse."

"Bwanji osawafufuta?"

"Ndinafufuta onse Lolemba, iye kulibe. Lachisanu anali abwerera. Ndi ena oonjezera." Analoza kompyuta ija. "Lamulo lake n'lakuti mwini dzina apemphe yekha kuti ndichotseni. Awa palibe wapempha."

Kukhoma kunali benchi lodikirirapo anthu. Panalibe munthu. Linalira kuti kwee. Linaliranso. Ngati anthu akusendera kuti wina akhale.

Sindinakhale.

Ndinamugwira Efulemu mkono. Unali wozizira. Ndinatuluka naye panja, padzuwa.

"Mwanawe, kope lija tilitenthe. Ndagwada."

"Agogo, zaka zonsezi ndalemba popanda wondiyankha. Awa amadikira. Sanena kuti n'zazitali."

"Akufuna chiyani kwa iwe?"

Anayang'ana pansi.

"Akuti maso awo sakuonanso bwino. Akuti ndipite ndikawawerengere pakamwa. Monga ndimachitira ndi inu."

"Ndiye ine undichotse m'kopemo. Ndapempha ndekha. Lamulo likutero."

"Inu ndinu woyamba, agogo. Ndikakuchotsani, nditsala ndi ndani kuno?"

Ndinapita kwa akulu a mpingo, anabwera, anapemphera. Iye anagwada nawo mwaulemu, n'kunena ameni. Ndinamubisira njinga, anayenda wapansi. Tsiku lina ali kumunda ndinalipeza kopelo pansi pa mphasa yake. Kutentha ndinaopa, chifukwa utsi umapita kulikonse. Ndinati ndilisambitse, ngakhale mochedwa. Ndinalimiza m'beseni, ndinathira mchere, ndinalisiya mpaka dzuwa kupendeka. Kenako ndinapita nalo kwa mayi Dorothy kuti andionere.

Anatsegula masamba onyowawo mosamala. Anati mayina a aphunzitsi ndi anamwino aja onse asungunuka, inki yayenderera. Koma masamba anayi a kumanda aja ali bwinobwino, ngati alembedwa lero.

"Nanga pamwamba penipeni?"

Anabwerera patsamba loyamba, chala chawo chinaima pamwamba.

"Mayi, pamwamba penipeni?"

"Lanu lilipo, agogo."

Efulemu sanakalipe. Analiyanika padzuwa, basi. Lachinayi anandiitana m'chigafa, ine ndinakana, ndinakhala m'nyumba nditatseka chitseko. Ndinkamumva akuwerenga yekha panja, mawu ake abwino aja, akuima pamalo oti ine ndiseke. Mpaka lero ndimadzifunsa. Ndikanatuluka, mwina akanaona kuti kuno aliponso womumvera.

Lachisanu anasamba m'mamawa, anavala shati yoyera ya kutchalitchi, n'kutulutsa njinga pamene ndinaibisa paja. Anati, "Agogo, tsalani bwino." Sananene kuti tionana madzulo.

Ku Nathenje sanafike. Amayi otola nkhuni anapeza njinga yake itatsamira mtengo pa kanjira kolowera kumanda. Nsapato zili pambali, zoikidwa bwino, monga amachitira munthu polowa m'nyumba ya eni ake. Amuna anapempha chilolezo, analowa, anasaka masiku atatu. Mapazi ake anawatsata mpaka pamtumbira wotitimira uja. Mapaziwo sanapitirire. Sanabwerere.

Maliro sitinalire. Tsitsi sitinamete. Munthu ungamulire bwanji osamuona?

Masabata atatu apita. Ine ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Ndinkati umbuli wanga ndiwo mpanda wanga. Kalata siyingandipeze ine wosadziwa kuwerenga, wopanda keyala.

Lachisanu lapitali a Zakeyu anabwera okha kuno ku Mitundu. Aonda. Kanyumba kaja anatseka, kompyuta anaizula kumagetsi, anaimanga m'chiguduli. Koma m'mawa umenewo anapeza pepala litatuluka m'makina osindikizira, likadali lofunda. Sanalowe m'nyumba mwanga. Anaika pepalalo pakhonde, anaikapo mwala, n'kubwerera chammbuyo.

Fungo ndinalimva ndisanaligwire.

Ndinalisunga masiku anayi. Dzulo ndinalephera kupirira, ndinaitana mayi Dorothy. Ndawauza kuti alembe apa monga momwe anandiwerengera.

"Kwa wowerenga wanga woyamba. Agogo, kuno mndandanda sutsika. Palibe amene amati ndichotseni. Agogo aamuna akupereka moni. Ndalemba nkhani yatsopano, yoseketsa, ngati zakale zija, koma sindingaiwerenge kwa anthu inu musanaimve. Musavutitse mayi Dorothy. Lachinayi masana ndibwera ndidzakuwerengereni ndekha."

Ndiye ana inu amene mukuyenda ndi makope kupempha mayina a anthu, ndakuuzani. Amene akukanani, musiyeni apite, ameneyo ndi wamoyo. Muziopa amene sachoka.

Chigafa ndinapempha anthu, anachigwetsa dzulo lomwelo. Mitengo anatenga, udzu anatentha. Timipando tija ndinapatsa aneba. M'mawa uno ndapeza pamalopo patasesedwa bwinobwino, timipando tiwiri titayang'anizana.

Mayi Dorothy akuti dzanja lawo latopa. Akunama, ndikuwaona, akungoyang'ana kuchitseko.

Lero ndi Lachitatu.