Kanungu wa Pansi pa Chiundo

Madzulo amenewo Yunike ankapeta mpunga pakhonde, maso ali pa mpanda wa bango umene unkalekanitsa nyumba yake ndi ya Tusekile. Amayi awiriwa anakwatiwa ndi amuna apachibale m'mudzi wina kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Hara. Yunike anali wakonkuno, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, Khumbize, wa sitandade 2. Tusekile anachokera ku Iponga, ndipo analibe mwana. Chimene anali nacho ndi dimba la kuseri kwa nyumba, ndi tinyama take.

Tinyamato tinali akanungu, aja a minga yaifupi amene ukawakhudza amadzipinda ngati mpira. Tusekile ankawaikira madzi m'mapale dzuwa likamalowa. Anasiya kabowo pansi pa mpanda kuti azidutsa, ndipo m'chitsime anatsamiritsamo kamtengo kuti kachirombo kakagweramo kazitha kukwera. Ankapempha anthu kuti asanatenthe mulu wa mapesi aziyamba autukula ndi ndodo, poti masana akanungu amagona mmenemo. Iwo nawo ankamudyera nkhono ndi mbozi, moti mpiru wake unkachita kunyezimira popanda mankhwala opopera. Amayi ena anayamba kutengera, mpaka aphunzitsi anabwerapo ndi ana a sukulu kudzaona.

Za mpiruzo Yunike akanapirira. Chimene chinkamudya mtima ndi Khumbize. Mwanayo akaweruka ankangoponya chikwama n'kulumphira kuseri kwa mpanda, kwa Tusekile, kukatsuka mapale ndi kuwerenga achule. Ndipo madzulo amenewo anaponda botolo losweka panjira. Yunike anamuona akubwera akutsimphina, magazi ali chuchuchu, ndipo anaika lichero pansi n'kutambasula manja. Mwana anamudutsa, n'kukalowa pachipata cha Tusekile akulira kuti amama.

Patapita kanthawi Tusekile anabwera naye atamubereka, phazi atalimanga ndi kansalu koyera. Anapepesa kuti sanaone botololo msanga, n'kusiyanso tomato wambiri ndithu pakhonde. Yunike anathokoza bwinobwino. Tomatoyo anapatsa nkhumba.

Tsiku la msika ku Uliwa, kuseri kwa ogulitsa kaunjika, kunkakhala bambo wina wa mizu ndi zikopa, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili. Yunike anamuuza kuti pali mfiti yomwe yamulanda mwana. Bamboyo sanafunse zambiri. Anati kanungu akadzipinda amasunga zonse m'kati, ndipo palibe angamutsegule. Agwire wamoyo, amumange ali chipindire ndi ulusi wa diresi la mwanayo pamodzi ndi tsitsi lake, amukwirire pansi pa chiundo cha chitseko.

"Mtoto sadzachokanso pakhomo pako, mama."

Yunike sanafunse kuti sadzachoka motani.

Kumugwira sikunavute, poti Tusekile yemweyo anali ataphunzitsa mudzi wonse kumene amagona. Lamulungu masana, anthu ali kutchalitchi, Yunike anatukula mulu wa mapesi n'kupeza wamkulu ndithu. Anamukankhira m'thumba ndi khasu. Pansi pake panali tina tofiirira tikuyendayenda, koma iye anabweza mapesi msanga osafuna kuyang'anitsitsa. Pokwirira, kanyamako kankapuma mwamphamvu m'manja mwake, fuu, fuu, mpaka dothi linatseka.

M'mawa mwake anamva Tusekile akudandaula kuseri kuti wapeza tiana ta kanungu topanda mayi. Anatiika m'dengu, n'kumatidonthezera mkaka wa mbuzi ndi kaudzu.

Mankhwala anagwira. Khumbize anasiya kupita kuseri. Ankakhala pamphasa pafupi ndi mayi ake, ndipo Yunike ankamuluka tsitsi mtima uli m'malo.

Kenako mudzi unayamba kumva kupuma. Kunkayamba dzuwa likangolowa, anthu akutsekera nkhuku. Kunali ngati kwa kanungu, koma kwakukulu, ngati ng'ombe ikununkhiza pakhoma. Kunkazungulira nyumba imodzi, n'kusiya, n'kukayambira ina, ngati chinthu chofunafuna. Agalu sankauwa, ankangolowa pansi pa nkhokwe. Kumene kwadutsa kunkatsala fungo la dothi lonyowa, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, nthaka ili gwa, ndipo pansi pa fungolo panali lina lonunkha ngati chikopa chosayanika bwino.

Nkhuku za Ambokile, mnansi wawo, zinapezeka zitafa, iliyonse mutu utalowa pakati pa miyendo. Anthu anati ndi chitopa. Kenako mbuzi yake inafa itadzipinda chimodzimodzi, moti amuna awiri analephera kuiwongola kuti aisende. Apa panalibenso wonena za chitopa.

Wotsatira anali a Zebedee, apongozi a amayi awiri aja, nkhalamba yokonda kukhala pa chiundo cha Yunike kuti iwothere dzuwa la m'mawa. Anawapeza kutacha, mawondo atagunda chibwano, manja atakumbatira mutu. Amuna osambitsa maliro anatuluka thukuta lili kamukamu. Kalipentala anabwera ndi tepi yake, anayeza, kenako anakakhoma bokosi lalifupi ndi lalikulu m'mbali ngati losungiramo mbale.

Pamaliropo manong'onong'o anayenda ngati moto wa m'tchire. Ndani m'mudzi muno amaweta zodzipinda? Ndani amaziikira madzi ngati alendo? Amayi amene dzana ankatengera nzeru za Tusekile anayamba kukumbutsana kuti ndi wobwera, ndipo munthu wosabereka sadziwika chimene amadyetsa usiku. Yunike ali pakati pawo ankadziwa kumene kanungu ali. Koma atamufunsa, monga woyandikana naye, anagwetsa nkhope n'kunena motsitsa kuti iye sanganene zambiri, kungoti amamumva mnzakeyo akulankhula ndi tinthuto.

Anyamata anakaswa mapale onse, anatseka kabowo ka mpanda, n'kutentha milu ya mapesi osaitukula. Utsi wake unanunkha tsitsi lopserera. Akuluakulu a banja anauza mwamuna wa Tusekile kuti mkazi wake abwerere kwawo ku Iponga maliro akangotha. Yunike anaganiza kuti tsopano apuma.

Koma Khumbize anali atayamba kugona masana. Kusukulu anasiya. Mayi ake akamudzutsa kuti adye, ankangobisa nkhope m'mawondo. Madzulo ena Yunike anamupeza kuseri kwa mtsuko wa madzi akutafuna kanthu kolira khwechekhweche, ndipo atamutsegula pakamwa anapezamo chigoba cha nkhono. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapeze kanthu. Yunike anathamangira ku Uliwa, koma pamalo pa bambo wa mizu panali mtsikana wogulitsa zitumbuwa, yemwe anati sanamuonepo munthu wotero.

Manase, mwamuna wa Yunike, ankangoti Tusekile akachoka mwana achira. Yunike ankavomera ndi mutu. Koma ankamva kuti kupuma kuja sikukuzunguliranso mudzi. Kunali kutakhazikika pa nyumba yake, ndipo nthawi zina sankadziwa ngati kukuchokera panja kapena pamphasa pamene pagona mwana. Atamusisita kumsana, anamva tinthu tolimba pansi pa khungu, m'mizere, ngati njere za mpunga.

M'mawa wa tsiku loti anyamuke, Tusekile anafika pakhomo. Palibe amene ankamupatsanso moni m'mudzimo, koma anabwera ndi kambale ka phala la mpunga lothira nsinjiro, lomwe Khumbize ankalikonda, ndipo kudzanja lina ananyamula dengu lija, poti analibe woti amusiyire. Anaima patali pang'ono, mwaulemu.

"Anyina Khumbize, ndamva mwana sakudya. Mumuyese ili. Musamuuze kuti lachokera kwa ine."

Yunike sanalandire. Ankayang'ana dengu. Tiana ta kanungu, tomwe tsopano tinali ndi minga, tinali titaunjikana mbali imodzi, mphuno zonse zitaloza pachitseko. Tusekile anatembenuza dengu, ito tinathamangira mbali inayo n'kulozanso pomwepo. Tinayamba kulira timawu tating'ono ngati anapiye. Ndipo pansi pa mapazi a Yunike chinachake chinayankha, fuu, fuu, mpaka fumbi la pachiundo linadumpha.

Tusekile anaika kambale pansi pang'onopang'ono.

"Mulamu, pansi apa pali chiyani?"

"Palibe."

M'nyumba Khumbize anabuula, ndipo panamveka kulira kwa mafupa ngati munthu akuthyola nkhuni zowuma.

"Ine ndipita ndithu, musadandaule," anatero Tusekile. "Koma kumbani."

Yunike anatenga khasu. Manase anatuluka kudzafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, Ambokile anabwera, amayi opita kumjigo anatula ndowa. Onse anaona pamene khasu linatulutsa ulusi wachikasu wa diresi limene aliyense ankalidziwa, utapotana ndi tsitsi la mwana. Mfundo zake zinali zosamasulidwa, koma m'kati munalibe kanthu. Dzenjelo linali lofunda ngati chisa chimene nkhuku yangochokapo, ndipo kuchokera m'menemo kanjira kanalowera pansi pa nyumba, kulunjika pamene panali mphasa.

Ambokile anangovula chipewa. Manase anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, n'kufunsa ngati bambo ake, a Zebedee, anafera zimenezi. Tusekile anagwada, anapendeketsa dengu pakamwa pa dzenje, tiana tija tinatsika kamodzikamodzi n'kulowa m'kanjirako. Kupuma kunachepa, kenako kunatha. Fungo lija linayamba kuchoka ndi mphepo.

Manase anatulutsa mwana n'kumugoneka pakhonde. Pang'onopang'ono manja anamasuka, mwendo umodzi unawongoka, winanso. Khumbize anatsegula maso n'kupempha madzi. Yunike anataya khasu, anathamanga, n'kumugwira paphewa.

Mwanayo anadzipinda nthawi yomweyo, mwamphamvu, mutu kugunda mawondo, mpweya n'kumuthera.

Yunike anachotsa dzanja n'kubwerera m'mbuyo. Khosi la mwana linamasuka pang'ono. Anayandikiranso, akumuitana ndi dzina limene ankamuitana ali khanda, koma msana unapindikanso mpaka milomo inayamba kuda. Manase anaimirira pakati pawo. Sanamukankhe mkazi wake, anangotambasula dzanja kuloza kubwalo.

Yunike anayenda chammbuyo, maso ali pa mwana. Atafika pankhokwe, zala za Khumbize zinatambasuka. Atadutsa khola la nkhumba, mwana anadzutsa mutu. Anthu anapatuka kumupatsa njira, ndipo mayi wina amene anakhala naye pamaliro anamutolera mpango umene unagwa, n'kumupatsa osamuyang'ana kumaso. Pa mtengo wa mango, pamene njira ya m'mudzi imakumana ndi yopita kusikimu, Yunike anaona Khumbize ataimirira yekha, akumwa madzi m'kapu imene bambo ake anamugwirira.

Anaima pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako anayesa kuponda phazi limodzi kutsogolo, limodzi lokha, ndipo kutali kuja anaona mapewa aang'ono aja akuyamba kugwa. Analibweza phazilo msanga.