Pepala Lomaliza la Namafunso

Namafunso anawerenganso mapepala ake kachitatu, koma mapepala saswana. Anali khumi ndi asanu ndi anayi basi. Aphunzitsi a Sayansi anali atanena mosapita m'mbali kuti aliyense wa m'kalabu yawo abweretse mayankho a mabanja makumi awiri pofika Lachisanu, ndipo woperewera asavutike n'kubwera. Aphunzitsiwa ana anawapatsa dzina loti a Umboni, chifukwa ngakhale uwauze kuti kunja kukugwa mvula, ankayamba akufunsa kuti umboni uli kuti.

Kafukufukuyo anali wofuna kudziwa ngati anthu apabanja amene amamasukirana ndi kuthandizana amakhala ndi thanzi kuposa amene satero. Malamulo anali atatu. Mwamuna ndi mkazi azifunsidwa aliyense payekha, ndipo chimene munthu wayankha chisatuluke pakamwa pa wofunsa, ngakhale atamugwira pakhosi. Papepala pasalembedwe dzina, koma nambala.

Mtsikanayu anali atazungulira mzere wonse wa nyumba zawo, kwa ometa tsitsi, kwa okonza njinga, mpaka kwa alonda a pasukulu. Ena anamupirikitsa, ena anamuuza zoposa zimene anafunsa. Dzina la Namafunso sanalitole pamsewu ayi, kuyambira ali wamng'ono ankafunsa mpaka akuluakulu kuthawa. Koma panali banja limodzi limene ankalilambalala ngati chithaphwi, ndilo la makolo ake.

M'nyumba mwawo munali mutatha miyezi inayi bambo ndi mayi osalankhulana. Ndewu kunalibe, mbale sizinkasweka. Bola zikanasweka, munthu n'kudziwa pothawira. Mawu onse ankadutsa mwa iye. Uwauze amayi ako kuti babu la kubafa lapsa. Uwauze abambo ako kuti tiyi wawo akuzizira. Chonsecho anthu ake ali m'chipinda chimodzi, motalikirana mikono iwiri. Namafunso ankadzuka mtima uli m'mwamba, m'kalasi n'kumangogwedeza mwendo pansi pa desiki mpaka mnzake wokhala naye kudandaula.

Lolemba atabwera kusukulu anadzilimbitsa mtima. Anayamba ndi amayi ake, amene ankagwira ntchito pamalo ophikira buledi ndipo ankaweruka masana. Anawapeza kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Anavomera kufunsidwa atamva kuti mayankho sadzafika kwa munthu aliyense, makamaka ajawa. Ponena zimenezi analoza ndi mlomo kutsogolo kwa nyumba, kumene makina osokera a bambo ankalira.

Mafunso oyamba anayenda bwino. Zaka za ukwati, khumi ndi zisanu ndi zitatu. Tulo, tochepa. Mutu, pafupifupi tsiku lililonse. Chakudya, amangodya poti munthu sangakhale osadya. Atafika pa funso loti kodi mumaona kuti mnzanu amakulabadirani, amayi anafinyanso malaya amene anali ofinya kale.

Anafotokoza kuti Loweruka lina ankachokera kuntchito ndi anzawo atatu, masana dzuwa likuswa mtengo. Anaona amuna awo akubwera kutsogolo, mbali yomweyo ya msewu. Anamwetulira n'kukweza dzanja. Bambowo anawayang'ana kumaso n'kudutsa, ngati akudutsa mtengo wa magetsi. Anzawo aja anaseka mpaka pokwerera basi, ndipo mpaka lero kuntchito amawafunsa ngati mlendo uja anamudziwa. Atafunsa kunyumba, bambo anangoti sanawaone, n'kupitiriza kupalasa makina.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, munthu n'kunena kuti sanandione," anatero amayi. "Ngati pali wina amene maso awo akumuona masiku ano, anene. Ine moni sindipempha. Lemba zimenezo, koma zithere papepala pomwepo."

Namafunso analemba zonsezo. Anawamvera chisoni amayi ake, ndipo abambo ake anawakwiyira kwambiri.

Lachiwiri analowa m'kachipinda kosokera nkhope ili gwa. Munali monga mwa masiku onse, zidutswa za nsalu mbwee pansi, mathalauza oyembekezera eni ake atapachikidwa pamisomali, bambo ali ndi tepi m'khosi ndi choko kukhutu. Atamva za mapepala anaseka, nati wapolisi wafika, telala alibe pothawira. Koma mayankho awo anali aafupi ngati kabudula wa mwana. Mukadwala mumauza ndani? Palibe. Mukakhala ndi nkhawa mumakambirana ndi ndani? Makinawa.

Funso lotsatira linali loti mukamapita kuchipatala amakuperekezani ndani. Phazi la bambo linaima pachopondera. Kenaka anafunsa ngati zinali zoona kuti mawu ake satuluka m'chipindamo. Namafunso analumbira. Anafunsanso kachiwiri, iye analumbiranso. Pamenepo anakoka kadilowa ka makina, napisa pansi pa mabatani ndi mazipi, n'kutulutsa kalata yopindapinda.

Inali ya kuchipatala cha maso. Bambo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo ankafunika opaleshoni. Kawiri konse anapatsidwa tsiku, kawiri konse anabwezedwa chifukwa anapita okha. Lamulo la kumeneko linali loti wodwala abwere ndi munthu wamkulu womutenga pobwerera, poti diso amalimata. Tsiku lachitatu ndiponso lomaliza linali Lachinayi la sabata yomweyo. Akalephera, dzina lawo lipita kumchira kwa mndandanda, kukadikira chaka china. Dokotala anali atawauza kuti podzafika nthawi imeneyo, diso lamanzere silidzaona ngakhale chitseko.

Bambo anaulula kuti nkhope ya munthu ikatalikira masitepe asanu imangosanduka nkhungu. Anatchula okha za Loweruka lija, kuti anaona zithunzithunzi za azimayi anayi, osadziwa kuti mmodzi anali wawo. Namafunso anafunsa chifukwa chimene sananenere. Anayankha kuti telala wosaona ndi telala wakufa. Amayi ako akauza mnzawo mmodzi kuntchito, dzuwa lisanalowe msewu wonse wamva, ndiye ndani angabweretse nsalu ya ukwati kwa munthu wodula moyerekeza? Komanso patatha miyezi inayi ya chete, ayambire pati? Adzati wandikumbuka poti wavutika.

"Ndiye ndikuperekezani ine," anatero Namafunso.

"Uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mwanawe. Ndinafunsa kale, anakana." Anabweza kalata ija pansi pa mabatani. "Basi, zikhale choncho. Iwe kumbuka kuti walumbira."

Apa m'pamene zina zinamuwalira Namafunso. Kwa miyezi yambiri bambo ankamuitana kangapo patsiku kuti awalowetsere ulusi m'singano ya makina, ati ana muli ndi zala zofewa. Iye ankayesa ulesi wa akuluakulu. Osadziwa kuti ankawathandiza kubisala.

Tsiku limenelo sanapeze pokhala. Akakhala pampando, unkamuwotcha. Akatuluka panja, ankafuna kulowa. Mapepala anali atakwana makumi awiri, koma chimwemwe panalibe. Pepala lomalizalo linali ndi theka la amayi kumaso ndi theka la bambo kuseri, ndipo padziko lonse ndi iye yekha amene anawerenga mbali zonse ziwiri. Kungotsegula pakamwa kamodzi, nkhani yatha. Koma anali atalumbira kwa onse awiri, ndipo Lachinayi linali mkuja.

Lachitatu m'kalasi sanamve kalikonse. Belu la buleki litalira anathamangira kulabu ya Sayansi, kumene anapeza a Umboni akutsuka mabotolo. Sanatchule dzina. Anangofunsa kuti wofufuza atani akapeza kuti munthu wina ataya maso chifukwa cha chinsinsi, pamene womuthandiza ali m'nyumba momwemo. Aphunzitsiwo anamuyang'anitsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanafunse za umboni.

"Chinsinsi si chako, unangosungitsidwa," anatero. "Ukachiulula, mawa palibe adzauzenso wofufuza zoona. Bwerera kwa mwini wake ukamupemphe anene yekha. Koma sindikumbuka lamulo loti wofufuza azigwirira munthu bulangete lobisaliramo."

Madzulo ake Namafunso anachonderera abambo ake mpaka pakamwa kuuma. Anawauza kuti nthawi yatha, kuti amayi si chilombo, kuti makasitomala angathawe lero koma maso akathawa sabwerera. Bambo anangopukusa mutu. Anati mwana asaphunzitse akuluakulu ukwati, ndipo mawa iwo ali ndi madiresi a sukulu asanu ndi limodzi oti amalize.

Ali m'kati molimbana, amayi analowa atanyamula simbi ndi yunifolomu yawo yoyera ya kuntchito. Soketi yolimba m'nyumba monse inali ya m'chipinda chosokera, choncho ankasitira momwemo, atatembenukira kukhoma. Nkhani inaduka. Munangomveka kupuma kwa simbi.

Bambo anadula ulusi woyera, naika wabuluu pamwamba pa makina, nautsitsa m'njira zake zonse ndi zala zozolowera. Utafika pasingano anaitana monga mwa nthawi zonse kuti mwana abwere awalowetsere.

Namafunso anangoima pamene anali. Chibadwire anali asanawakanirepo abambo ake chinthu.

"Ayi, bambo."

"Wati chiyani?"

"Zimene ndinalumbira ndasunga, ndipo ndisunga. Koma ulusi sindilowetsanso, ndipo mawu a munthu sindinyamulanso m'nyumba muno. Ndatopa, bambo. Ndatopa zedi."

Bambo anafuna kukalipa, koma anakumbuka amene anali kumbuyo kwawo. Ananyambita nsonga ya ulusi, nawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chitsulo. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso, unadutsa pambali pomwepo, motalikira chala chathunthu ndi singano. Ananyambitanso. Kachitatu, kachinayi, kachisanu. Thukuta linayamba kudontha pansalu yabuluu. Namafunso analuma mlomo kuti asalire, manja atawapanira kumbuyo kuti angamupereke.

Simbi inali itasiya kuyenda. Amayi anali atatembenuka, akuyang'ana zala za munthu amene kale ankalowetsa ulusi akucheza ndi kasitomala, osayang'anako n'komwe. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la nsalu yopserera, koma palibe anasuntha.

"Singano ili uku," anatero amayi motsitsa. "Inu mukulowetsa uko."

Amenewa anali mawu oyamba m'miyezi inayi opita kwa bambo osadzera mwa mwana. Bambo anasiya ulusi uja, naika manja pamaondo.

"Sindikuiona, amake mwana. Ngakhale inu pamene mwaimapo, nkhope yanu sindikuiona bwino. Loweruka lija sindinaname."

Anakoka okha kadilowa, napisa pansi pa mabatani, n'kupereka kalata. Amayi anaiwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi pamulu wa zidutswa n'kuiwerenganso. Namafunso anazimitsa simbi. Pamsana pa yunifolomu panali patasindikizika chizindikiro chabulauni.

Amene ankayembekezera kukumbatirana akanakhumudwa. Amayi anakalipa. Anakalipa mawu onse amene anasunga miyezi inayi, misozi ili chuchuchu. Anafunsa kuti munthu wamkulu wa ndevu zake angakwere basi kawiri konse yekhayekha, osaona ngakhale nambala yake, kusiya mkazi m'nyumba akuchitira nsanje munthu woti kulibe. Anati akuchita manyazi kuti ankagona atafulatira wodwala, osazindikira chifukwa chimene tiyi ankatayikira patebulo m'mawa uliwonse. Bambo anayesa kutchula za makasitomala.

"Makasitomala ndiwo munawamangira banja? Kodi ine ndinakwatiwa ndi maso anu kapena ndi inu?"

Bambo anangopapasa mpaka kupeza dzanja la amayi, ndipo amayi sanalichotse, ngakhale pakamwa panali pasanatseke. Kenaka amayi anadzuka n'kukaimbira mnzawo wa kuntchito kuti asinthane tsiku. Mnzawoyo atafunsa chifukwa, anangoti ali ndi ulendo wa pabanja, zambiri si zake.

Lachinayi m'mawa Namafunso anavala nsapato msangamsanga, nanyamula chikwama chimene munali kalata ndi botolo la madzi. Amayi anamulanda pakhomo. Anamuuza kuti apite kusukulu, ntchito imene ankagwira m'nyumbamo yatha, ndipo asayembekezere penshoni. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ngakhale ankaoneka kuti akuopa kumene akupita.

Mtsikanayo anaima pachitseko kuwayang'ana akutsika kanjira kopita kumsewu. Amayi anali atawagwira bambo pachigongono, maso ali pansi.

"Pali ngalande apa, kwezani mwendo."

"Ngalande imeneyi ndikuidziwa ine, ndinaikumba ndekha."

"Ndati kwezani mwendo."

Bambo anakweza mwendo.