Chaka Chimene Anamzeze Anachedwa

Corinne Tullos anakumana ndi Odell Magee chifukwa cha nkhululu. Si chiyambi choti munthu n'kumanyadira nacho pagulu, koma ndi mmene zinayendera.

Linali Loweruka la mu Malichi, kuzizira kutabwereranso mwadzidzidzi m'katauni kawo ka ku Mississippi. Corinne ankagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi zakudya za ziweto. Munalowa mnyamata wamtali, wa chipewa chakutha, akufikisa manja.

"Achemwali, mundipatseko bokosi la nkhululu. Ndikufuna ndikawedze milamba."

"Zatha."

"Nanga chikulira pansi pa kauntala yanuyo n'chiyani? Wailesi?"

Corinne anadziluma mlomo kuti asaseke. "Zimenezi n'za alendo anga."

"Alendo anu amadya nkhululu? Chonde, musadzandiitane kwanu."

"Ndi anamzeze, inu! Kukazizira chonchi tizilombo touluka timasowa, ndiye amagona ndi njala. Pakatha masiku anayi amayamba kugwa pansi. Milamba yanuyo ikudikirani, ilibe kopita."

Mnyamatayo anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Ndiye mumawadyetsa bwanji? Mumawaikira pa mbale?"

"Mubwere mudzaone, ngati simuopa mphepo."

Madzulo a tsiku lomwelo Odell anafikadi. Kuseri kwa nyumba ya a Tullos kunali milongoti iwiri yachitsulo, uliwonse utanyamula zipanda zoyera khumi ndi ziwiri, ndipo m'zipandamo ndi mmene anamzeze ankamanga zisa chaka ndi chaka. Corinne anamupatsa supuni ya pulasitiki n'kumuonetsa: uika nkhululu pa supuni, upinda supuniyo, n'kuitaya kuti nkhululuyo ithothoke m'mwamba. Mbalame imaiwakha isanagwe.

Nkhululu yoyamba ya Odell inakamenya magalasi a bambo ake a Corinne, a Harlan.

"Mnyamata iwe, mbalame zili kumwamba! Ine ndine wa pansi pano!"

Corinne anaseka mpaka misozi. Ndipo pamene ankapukuta misoziyo, anazindikira kuti wagwa kale m'chikondi. Kodi mtima umapempha chilolezo?

Odell ankagwira ntchito m'bwato lokankha katundu pamtsinje: mwezi wathunthu pamadzi, milungu iwiri kumtunda. Choncho chikondi chawo chinakulira pa foni.

"Kanamzeze kanga, tadutsa Vicksburg. Anzanga akuti ndazungulira mutu, ati ndikumwetulira chingwe."

"Gwira ntchito iwe, ungagwere m'madzi. Ndani azidzawalasa adadi ndi nkhululu?"

"Ndikagwa ndisambira mpaka pakhomo panu. Mtima wanga uli komweko, kuno kuli chipewa chokha."

Akabwera kumtunda ankakhala pakhonde, akumwa tiyi wozizira, mbalame zikuchita phokoso pamwamba pawo. A Harlan ankanamizira kuwerenga nyuzipepala, koma tsamba lake linali lomwelomwelo.

Mu Ogasiti anamzeze ananyamuka ulendo wawo wa ku Brazil, bwalo n'kungoti zii. A Harlan anatsuka zipanda n'kuzisunga. Mu Januwale anazikwezanso, makomo ake atawatseka ndi nsanza kuti mpheta zisalande malo. Lamulo lawo linali lakuti sutsegula mpaka mwini nyumba atafika.

Mwezi womwewo Odell anabwera kudzatsanzika.

"Ulendo uno utalikirapo, duwa langa. Koma tamva: tsiku limene namzeze woyamba adzatere pa mlongoti wakowo, ine ndidzakhala nditaima pa geti. Ndikulumbira."

"Sachedwatu amene uja. Sabata yachiwiri ya Febuluwale amakhala atafika."

"Inenso sindichedwa."

Sabata yachiwiri ya Febuluwale inafika n'kudutsa. Mphepo ya kumpoto inakana kusiya. M'mawa uliwonse Corinne ankatuluka ndi khofi m'manja, maso kumwera, koma kumwamba kunali mbee. Sabata yachitatu, chimodzimodzi. A Harlan ankazungulira milongoti ngati munthu wotaya makiyi.

"Zaka makumi awiri sizinachitepo zimenezi," ankadandaula. "Kaya zakumana ndi namondwe panyanja, kaya zapeza kwabwino kuposa kuno."

Mawu omalizawo ankamubaya Corinne, chifukwa mauthenga a Odell nawo anali atayamba kufupika. "Ndatopa, bebi. Tilankhula mawa." Mawa lake likafika: "Ntchito yachuluka." Kanamzeze kaja kanapita kuti? Kodi munthu amatopa mpaka kuiwala dzina limene anapatsa yekha mnzake?

Kenako m'sitolo munalowa azakhali ake, a Vesta, amene akayamba ndi mawu akuti "ine si wamiseche" anthu amasiya zonse n'kutchera khutu.

"Mwana wanga, ine si wamiseche. Koma galimoto ya Odell si yofiira ija, ya chitseko chobiriwira?"

"Eya, azakhali. Anaisiya kudoko."

"Ndiye doko lasamukira ku msewu wa Sandhill. Ndaiona pa kanyumba kachikasu, mwini wake ali pomwepo. Sanalinso yekha. Anali ndi Twyla Gaines."

Corinne anagwira kauntala. Mwa akazi onse a m'boma lawo, Twyla! Anaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo kwawo kwa Twyla kunali zipanda makumi asanu ndi limodzi, nkhani imene banja la a Gaines linkailowetsa ngakhale pa maliro. A Tullos ndi a Gaines ankapatsana moni ku tchalitchi, koma chipanda sanabwerekanepo.

Ataweruka anayendetsa galimoto mpaka ku Sandhill, akupemphera kuti azakhali akhale kuti anaona molakwika. Koma ayi. Odell anali pabwalo, malaya atakwinya, akumangitsa mlongoti watsopano. Twyla anali pambali pake, manja m'chiuno, akuseka. Zipanda zake zinali ndi mzere wa buluu m'khosi, chizindikiro cha a Gaines. Pakhonde kawailesi kankaimba kulira kwa anamzeze, kuitana mbalame zodutsa.

Kwa anthu oweta anamzeze, mwamuna saimika mlongoti pabwalo pamene sakufuna kukalambirapo. Corinne sanafunikire womumasulira. Anatembenuza galimoto, n'kukaima patali, n'kulembera Odell uthenga pa foni.

"Mtsinje wafika liti ku Sandhill? Ndakuona ndi maso angawa. Usandifunenso."

Anatumiza, n'kutseka nambala yake, n'kulira ngati mwana. Chimene chinamuwawa kwambiri si Twyla ayi, koma masiku onse amene ankamupempherera kuti asamire, pamene munthu ali pamtunda pouma, makilomita khumi okha kuchokera pakhomo pake.

Odell anabwera tsiku lotsatira, ndi linzake. Corinne anadzitsekera kuchipinda n'kutuma bambo ake.

"Akuti kulibe," anatero a Harlan pa geti. "Ndipo akuti ndikuuzitse kuti kulibeko."

"Bambo, mphindi zisanu zokha."

"Mwana wanga walira masiku awiri, Odell. Ine misozi yake sindiyidziwa bwino, sakonda kulira. Pita."

Sabata inatha. Corinne ankapita kuntchito, kumwetulira makasitomala, kubwerera, kugona. Kumwamba anasiya kuyang'anako.

Pa 9 Malichi mphepo inatembenuka usiku n'kuyamba kuwomba kuchokera kumwera. Kutacha, Corinne akutsuka kapu, anamva kaphokoso kamene akanakazindikira ngakhale ali m'tulo. Kapu inatsala pang'ono kusweka. Anathamangira panja wopanda nsapato.

Pamwamba pa mlongoti panali namzeze wamphongo, wakuda wonyezimira, wowonda ndi ulendo, akukalipira khomo lotseka ngati mwini nyumba amene wapeza loko wachilendo.

"Wafika! Adadi, wafika!"

"Tsitsa mlongoti, tsegula! Akakwiya apita kwa a Gaines ameneyo!"

Corinne anagwira chopukusira chotsitsira zipanda, koma chinali chitagwira dzimbiri ndi mvula ya mwezi wonse. Anakoka, osatheka. A Harlan, ndi phewa lawo lovuta, anangochigwedeza n'kubuula. Mbalame inauluka, kuzungulira, kuteranso, kuulukanso.

"Ndithandize nawo?"

Anali Odell, ataima pa geti, chipewa m'manja, ndevu zosameta. Corinne anafuna kumuthamangitsa, koma mbalame inali itayamba kukwera m'mwamba.

"Ukuonerera chiyani? Pukusa!"

Odell analumpha geti. Chitsulo chinalira kwee, zipanda n'kutsika. Corinne anazula nsanza m'makomo mofulumira, Odell n'kukwezanso. Namzeze uja anazungulira kamodzi, n'kulowa m'chipanda chakum'mawa osagogoda. A Harlan anapukuta magalasi nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira, kenako anati akukaona khofi.

"Wadziwa bwanji kuti wafika?" anafunsa Corinne osamuyang'ana.

"Sabata yonseyi ndakhala ndikuimika galimoto kuseri kwa tchire ilo m'mawa uliwonse. Ndinalumbira."

"Unalumbiranso kuti uli pamtsinje."

"Pamenepo ndinanama, ndipo ndilibe podzitetezera. Bwato ndinasiya mu Febuluwale, ndinapeza ntchito padoko. Kanyumba kaja ndi kanga, Corinne. Ndinakagula kali chiphwasukire. Ndinaganiza kuti mwana wa a Tullos sangakhale pakhomo popanda anamzeze, ndiye ndinafuna ndikakuonetse mbalame zitatera kale. Zitachedwa, ndinati Mulungu wandipatsa mpata womaliza denga."

"Ine ndikulira, iwe ukukhoma denga?"

"Ndinali chitsiru."

"Nanga Twyla?"

"Ndikanafunsa ndani? Odziwa za zipanda kuno ndinu ndi a Gaines basi. Twyla akukwatiwa mu Juni ndi mnyamata wa ku Jackson, amangondiseka ine."

Corinne anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba. Mtima unali utayamba kale kusungunuka, koma mkwiyo wina watsopano unabwera pamwamba pake.

"Odell Magee! Unakapempha zipanda kwa a Gaines? Ndiye kuti Lamlungu tchalitchi chonse chimva kuti chibwenzi cha mwana wa a Tullos chimagonera zipanda za mzere wa buluu?"

"Ndizipenta, kanamzeze kanga."

"Usanditchule dzina limenelo! Silinabwererebe." Anapukuta m'maso ndi dzanja la malaya. "Ndipo ukanadikira mpaka liti? Akuluakuluwa amabwerera kwawo kokha, sasintha khomo. Mlongoti watsopano umalandira ana a chaka chatha, ndipo amenewo amafika kumapeto kwa Epulo. Twyla sanakuuze?"

Odell anayasama. "Anangoti ndidekhe."

"Epulo, Odell! Ukanandipeza nditauma ngati chipanda."

Anaseka pang'ono, kenako analiranso, ndipo ulendo uno analirira pachifuwa pake. Odell ananong'ona kuti sadzanamanso, ngakhale bodza lake likhale lokoma bwanji. Corinne anati aona.

Masana anapita limodzi ku Sandhill. Kanyumba kanali kakang'ono, denga latsopano likuwala, khitchini ikununkha penti. Odell ankamutsatira pambuyo ngati wophunzira wodikira zotsatira za mayeso. Atatuluka pabwalo, anagwada bondo limodzi pa udzu wonyowa n'kutulutsa kabokosi m'thumba.

"Corinne, mtima wanga, mbalame ndilibe. Ndili ndi denga, ntchito ya pamtunda, ndi ine ndemwe. Kodi ungandilole?"

Koma Corinne sankayang'ana mphete. Maso ake anali pa mlongoti, kenako pa mtengo waukulu umene nthambi zake zinkatsala pang'ono kukhudza zipanda. Anayenda kuchokera pa mtengo kukafika pa mlongoti akuwerenga mapazi, n'kupukusa mutu.

"Anakuuza ndani kuti uimike apa?"

"Twyla anati pali mthunzi wabwino."

"Mthunzi! Mumtengo umu ndi mobisalira akabawi. Palibe namzeze wanzeru zake angagone apa. Mtsikana ameneyo amafuna ana onse a Epulo akathere kwawo!" Analoza pakati pa bwalo, poyera. "Uzule, ukauimike apo. Ine sindingamadzuke m'mawa uliwonse n'kumaona mlongoti uli pansi pa mtengo."

Odell, bondo lili pansi, anaphethira kawiri. "M'mawa uliwonse? Ndiye kuti wavomera?"

Corinne anatambasula dzanja lamanzere osasiya kuyang'ana mtengo uja mwaukali. Mphete italowa, anamwetulira mpaka masaya kuwawa.

"Ndavomera, chitsiru changa. Tsopano dzuka, katenge fosholo."