Mlendo Amene Lamar Anamuponya M'dambo

Lamar Tuttle anali ndi boti limodzi lokha, lakale, la injini yotsokomola. Ntchito yake inali yoyendetsa alendo m'dambo la Everglades kuti akaone aligeta, abale a ng'ona opezeka kumeneko, koma alendowo ankangomudutsa. Mabasi onse ankakaima kwa Dwight Sapp, mwini maboti onyezimira ndi sitolo ya miyendo ya achule yokazinga. Lamar ankakhala padoko pake, udzudzu ukumudya, akuyang'ana mabasiwo mpaka maso kuwawa. Denga la nyumba yake linkadontha chidutsireni mphepo yamkuntho, ndipo mkazi wake Verna anali atasiya ngakhale kudandaula.

Tsiku lina masana Lamar anapita kumene msewu wa m'mbali mwa ngalande umathera, kwa mkulu wina wodziwa mankhwala, dzina lake Cato Bellamy. Anamupeza pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi. M'besenimo munkasambira kamwana ka ng'ona, kotuwa, kosongoka kukamwa.

"Ameneyu si aligeta," anatero Lamar.

"Ayi. Ndi mlendo, kwawo ndi kumtsinje wa Nile. Aligeta wako akaona munthu amathawa. Uyu amadziwa kuti munthu ndi ndiwo." Mkuluyo anapaka kamwanako mafuta akuda pamphumi. "Ukamuponye kuseri kwa doko lako. Iye akamakula, nawe uzikula."

"Mtengo wake, madala?"

"Ine sindilandira kanthu. Wolandira ndi iyeyu. Chaka chilichonse madzi akaphwa, uzimupatsa chamoyo cha pakhomo pako. Cha chaka chino chiziposa cha chaka chatha."

"Nanga ndikadzalephera?"

"Adzadzitengera yekha."

Lamar anakumbukira nkhuku zake, n'kuona kuti nkhaniyo ndi yotchipa.

Mwezi usanathe mabasi anayamba kukhotera kwa iye. Anafolera nyumba, anagula maboti atsopano, n'kuitana mng'ono wake Hollis kuti adzathandizane. Chaka choyamba anaponya tambala. Chotsatira anaponya nkhumba. Kenako inafika nthawi ya galu wake wosakira, amene anamutsatira mpaka kumatope akugwedeza mchira.

"Galu ali kuti?" anafunsa Verna.

"Wathawa."

"Galu wakeyo? Kukuthawa iwe?"

Lamar ananyamuka n'kupita kudoko.

Dambo nalo linayamba kusintha. Aligeta amene ankaothera dzuwa pafupi ndi doko anasowa mmodzimmodzi. Akakowa anasiya kutera.

"Achimwene, madzi ano akhala zii ngati m'tchalitchi Lolemba," anatero Hollis akuseka. "Mwawalodza achule kapena?"

Madzi ataphwanso, Lamar anagula ng'ombe kumsika n'kuimangirira m'mbali mwa ngalande. Ng'onayo sinaikhudze, pakuti sinali ya pakhomo. Inatuluka dzuwa lili paliwombo, yaitali kuposa boti, n'kugona pamatope itayang'ana kumene Verna ankayanika zovala. Mawa lake inasendera pafupi. Mkuja wake Lamar anapeza mkukuluzi wa mchira wake pansi pa khonde.

Sabata yomweyo iye ndi Hollis anapita kukaona njira yodutsa alendo. Boti linatitimira m'matope pakati pa udzu wocheka. Lamar, ali pampando wapamwamba, anaona maso awiri ali ndee pamwamba pa madzi. Hollis sanawaone. Iye anakulira m'dambomo, ndipo ankadziwa kuti aligeta amapatukira munthu.

"Nditsike ndikankhe?" anafunsa akuvula malaya.

Lamar anaganiza za Verna. Anaganizanso za mabasi.

"Tsika, mphwanga."

Madzi anali olekeza m'chiuno. Hollis anagwira boti, n'kutembenuka ngati akufuna kunena nthabwala ina. Sanakuwe n'komwe. Madzi anawinduka, anafiira, kenako anakhalanso bata.

Alenje a boma anabwera n'kupha aligeta wosalakwa. Pa mwambo wa maliro, wopanda mtembo, Verna anamuyang'ana mwamuna wake kumaso nthawi yaitali. Mawa lake anapita kwa mkulu wake ku Okeechobee osatsanzika.

Lamar anathamangira kwa Cato Bellamy.

"Madala, katengeni mlendo wanu uja! Maboti onse ndikupatsani."

"Ndikatenge uti?" anatero mkuluyo mosafulumira. "Ukuyesa ndiwe wekha unakwera khonde lino? Sapp anatenga wamphongo kalekale. Wako ndi wamkazi. Anapezana. Mazira anaswa kale, ndipo mwana aliyense ali ndi mimba yake. Onse akulidziwa doko lako."

Kuyambira tsiku limenelo Lamar sanalizenso injini. Antchito anathawa, maboti anachita dzimbiri, mabasi analeka kubwera pamene ng'ombe ndi agalu a anthu oyandikana naye anayamba kusowa. Mayi wina wowedza ndi mbedza m'ngalande sanabwerere kwawo. Alenje amapha ng'ona imodzi lero, mawa n'kupeza chisa china.

Lamar akadalipo. Odutsa pamsewu amamuona ataima kumapeto kwa doko lothyokathyoka, ndevu zili nyankhalala, dzanja atalitambasulira kumadzi opanda munthu.

"Kwera, mphwanga," amatero. "Ndimangocheza. Kwera msanga."

Munthu wadyera amayesa kuti chuma cha mankhwala adzachilipira yekha. Oyamba kulipira amakhala amene amamukhulupirira, ndipo choipa chimene wachiitanacho chimaswana, n'kumadya ngakhale anthu amene sanapemphe kanthu.