Abwana Ovala Jekete la Bambo

Kunyumba onse ankamutcha Wailesi. Mtsikanayu sankakhala chete.

Wailesi anali ndi achimwene ake. Achimwene ankafuna ntchito. Ankapita m'mawa. Ankabwera madzulo. Ntchito osaipeza. Kuseka anasiya.

Wailesi ankafuna achimwene asekenso.

Tsiku lina aphunzitsi analemba mawu atsopano pa bolodi.

"Intavyu ndi mafunso a ntchito," anatero aphunzitsi. "Luso ndi chimene munthu amachitha bwino. Abwana akakufunsani, ayang'aneni kumaso. Kenako nenani luso lanu."

Wailesi anathamangira kunyumba. Anapeza achimwene akupukuta nsapato.

"Mawa ndili ndi intavyu ku galaja," anatero achimwene. "Koma andibwezanso basi."

"Tiyeni tiyeserere!" anatero Wailesi.

Anavala jekete la bambo. Manja ake anasowa m'jeketemo. Anavundikira beseni. Beseni linakhala desiki.

"Abwana ndine. Tulukani, mugogode."

Go! Go! Go!

"Lowani!"

Achimwene analowa. Anawerama. Anayang'ana pansi.

"Mwataya chiyani pansipo?" anafunsa Wailesi. "Muli ndi luso lanji?"

"Aa, sindidziwa zambiri, bwana. Chilichonse ndigwira."

"Ntchito ya chilichonse kuno kulibe. Tulukani!"

Amayi anasiya kusoka. "Iwe Wailesi, usamuvute mnzako. Ndinamulera ndine. Mwana waulemu sadzitama."

Wailesi analoza makina osokera. "Amayi, makinawo anakonza ndani?"

"Anakonza iyeyu."

"Nanga njinga yamoto ya aneba anaidzutsa ndani?"

"Iye yemweyu."

"Ndiye kunena zoona n'kudzitama?"

Amayi anatembenukira kwa achimwene. "Tuluka, mwanangu. Gogodanso."

Go! Go! Go!

"Lowani! Muli ndi luso lanji?"

"Ndimakonza makina," ananong'ona achimwene.

"Beseni lamva. Ine sindinamve."

Achimwene anadzutsa mutu. Anayang'ana Wailesi kumaso. "Ndimakonza makina osokera, bwana. Ndimakonza njinga zamoto. Injini ikadwala, ndimaimva ndi khutu."

"Eyaa! Kukanene choncho mawa."

M'mawa achimwene anapita ku galaja. Wailesi anapita kusukulu. Atabwerako anakhala pawindo. Anadikira. Anadikirabe.

Go! Go! Go!

Wailesi anatsegula chitseko. Anali achimwene. Sanawerame. Sanayang'ane pansi. M'manja ananyamula ovolosi yatsopano.

"Ndiyamba Lolemba, bwana," anatero achimwene. Ndipo anaseka.

Wailesi anatsegula pakamwa. Mawu osatuluka. Anangokumbatira achimwene ndi ovolosi yomwe.

"Taonani zodabwitsa," anatero amayi. "Lero wailesi yathu yazima!"